Phunziro 18: Galimoto ya amalume ikutsokomola

Ana inu, phunziro ili ndi lalitali. Tiliwerenga pang'ono pang'ono kwa masiku 4. Mizere yaifupi muwerenge nokha. Zigawo zazitali akuwerengereni aphunzitsi, ndipo madzulo akuwerengereninso amayi, atate kapena mkulu wanu kunyumba. Nkhaniyi inacitikira amalume anga.

Tiwerenge tokha

Amalume ali ndi galimoto.
Galimoto ya amalume ndi yoyera.
Galimoto imanyamula mbatata.
Galimoto imamwa dizilo.
Lero galimoto ikutsokomola.
Kodi galimoto yadwala ciani?

ga li mo to
ma lu me
se fa
sa se si so su
fa fe fi fo fu

Tsiku loyamba

Amalume anga amakhala kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia. Kwathu kuno ndi kumtunda. Kumazizira, ndipo mbatata ya kacewere imabereka bwino. Amalume amalima mbatata, cimanga ndi kabici. Analima zaka zambiri. Anasunga ndalama pang'ono pang'ono mpaka anagula pikapu yoyera. Anaigula ku kampani ina yogulitsa magalimoto mumzinda wa Tete. Kampaniyo ili ndi galaja yakeyake yokonzeramo magalimoto.

Pikapuyo imathandiza mudzi wonse. Imanyamula matumba kupita kumsika. Imabweretsa feteleza. Munthu akadwala usiku, anthu amagogoda pakhomo pa amalume, iwo n'kudzuka kumutengera ku cipatala.

Amalume ali ndi mwana wamkazi wa zaka 6. Ndi msuweni wanga. Ali m'kalasi yoyamba monga inu. Ataphunzira a, e, i, o, u, anayamba kulemba paliponse. Analemba pansi. Analemba pa citseko. Analemba ndi khala pa khoma, mpaka amayi ake anamukalipira.

Tsiku lina m'mawa amalume anatsegula boneti ya galimoto kuti aone oilo. Injini inali yozizira. Mwanayo anati:

"Atate, ndinyamuleni ndione nawo."

Anamunyamula. M'manja mwake munali kamtengo ka penti yofiira imene amalume amalembera matumba a mbatata. Anaona kacitini koyera pambali pa injini. Msangamsanga analembapo cilembo a. Cinali cokhota, ca mcira wautali.

"Iwe, wacita ciani?" anatero amalume. Kenaka anaseka. "Cisiye. Imeneyo ndi sefa ya dizilo. Tsopano yalowa sukulu."

Panapita miyezi. Inafika nthawi yoti galimoto ikaonedwe ku galaja. Kumeneko amathira oilo watsopano ndi kusintha zinthu zimene zatha. Ife timati sevisi. Pa Cipwitikizi amati revisão. Amalume ananyamuka mbandakuca. Kucoka ku Ulongwe kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200. Anadutsa ku Moatize, anaoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho, nafika ku galaja. Anadikira tsiku lonse padzuwa la ku Tete. Madzulo analipira ndalama, anawapatsa lisiti, nabwerera kwao.

Patangopita mlungu umodzi, amalume anadzaza galimoto ndi matumba a mbatata. Pacigwa inayenda bwino. Koma itayamba kukwera citunda, inayamba kutsokomola. Khoo! Khoo! Inanjenjemera. Mphamvu zinatha. Kenaka inazima pakati pa citunda.

Tiyankhe

Kodi amalume amalima ciani?
Mwana analemba cilembo canji? Anacilemba pati?
Galimoto inazima pacigwa kapena pacitunda?

Tsiku laciwiri

Mbatata anaisamutsira mu lole ya munthu wina, ndipo amalume analipira munthuyo. Matumba ena anatsala pamsewu usiku wonse, mvula n'kuwanyowetsa. M'mawa mwake amalume anapita ndi galimoto yopanda katundu ku galaja kuja. Popita ku Tete msewu umatsika kwambiri, conco anafika.

Amakaniko analumikiza kompyuta yao ku galimoto. Patapita kanthawi, munthu wa pa kauntala anaitana amalume.

"Abambo, pampu ya dizilo yafa. Pafunika yatsopano. Tiitanitsa ku Maputo. Mudikira milungu ingapo."

Anachula mtengo. Amalume anakhala pansi. Ndalamazo zinali zokwana kugula ng'ombe ziwiri.

"Pepani acimwene," anatero amalume, "galimotoyi inali kuno mlungu watha. Inacoka ili bwino. Mungandionetse pamene pampuyo yafera?"

"Yanena ndi kompyuta, abambo. Sainani apa kuti tiyambe."

Amalume anayang'ana pepalalo. Linali m'Cipwitikizi, zilembo zing'onozing'ono. Iwo sukulu analekera panjira, nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Anati, "Ndikaganize kaye." Sanasaine. Anabwerera kumudzi pang'onopang'ono. Pa citunda ciliconse galimoto inkazima, iwo n'kudikira, n'kuilizanso. Anafika anthu atagona.

Tsopano tiyeni tione mmene dizilo amayendera m'galimoto. Mvetserani bwino, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa.

Dizilo amakhala mu thanki. Amacoka mu thanki n'kudutsa m'kapaipi. Amafika mu sefa. Akacoka mu sefa amalowa mu pampu. Pampu imamukankha ndi mphamvu kuti alowe mu injini. M'menemo dizilo amayaka, ndipo galimoto imayenda.

thanki, sefa, pampu, injini

Kodi munaonapo amayi akusefa ufa? Ufa wosalala umagwa pansi. Misere imatsala pamwamba. Sefa ya galimoto imacita cimodzimodzi. Kunja ndi kacitini. M'kati muli pepala lolimba lopindapinda, la timabowo tosaoneka ndi maso. Dizilo amadutsa. Fumbi, dzimbiri ndi zinyalala zimatsala. Sefa zambiri za dizilo zimagwiranso madzi. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, motero amatsikira pansi pa kacitini. Pansipo pali kotsegula kothira madziwo.

Nanga sefa ikadzaza zinyalala? Taganizani kuti mukumwa thobwa ndi kabango. Gaga watseka kabangoko. Mukayamwa pang'ono, thobwa limabwera. Koma mukakhala ndi ludzu lalikulu, n'kuyamwa kwambiri, limabwera locepa, ndipo mumatopa. Galimoto nayo pacigwa imafuna dizilo wocepa. Pacitunda, itasenza katundu, imafuna wambiri. Ngati sefa yatsekeka, dizilo sakwana. Galimoto imatsokomola n'kuzima.

Pampu ikafa, galimoto imathanso kufooka cimodzimodzi. Matenda awiri, kutsokomola kumodzi. Koma sefa ndi yochipa, pampu ndi yodula kwambiri.

Ticite

Tengani madzi amatope m'kapu. Mangani kansalu koyera pakamwa pa botolo. Thirani madziwo pang'onopang'ono. Catsala pansalu n'ciani? Thiraninso kawiri, katatu, osacapa nsaluyo. Kodi madzi akudutsabe msanga?

Thirani madzi ndi mafuta ophikira pang'ono m'botolo limodzi. Khutchumulani, mulisiye. Capita pansi n'ciani?

Dizilo weniweni musamugwire. Musamununkhize. Musayandikize moto.

Tsiku lacitatu

Loweruka ndinapita kukaona amalume. Ndinawapeza atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya. Azakhali anali atayamba kale kuwerenga ng'ombe za m'khola, kuti agulitse ziti.

"Mphwanga," anatero amalume, "iwe unapita ku sukulu. Tandiwerengera lisiti ili. Kodi tsiku lija ndinalipira ciani?"

Ndinawerenga mzere uliwonse, n'kumawauza m'Cinyanja. Óleo, ndiye oilo. Filtro de óleo, ndiye sefa ya oilo. Filtro de combustível, ndiye sefa ya dizilo. Mão de obra, ndiye malipiro a amakaniko. Mzere uliwonse unali ndi mtengo wake.

"Ndiye kuti sefa ya dizilo ndi yatsopano," anatero amalume. "Basi, ndi pampu ndithu."

Anadzuka nakatsegula boneti, kungoyang'ana monga amacitira munthu wosowa cocita. Msuweni wanga anakwera pa mpando kuti aone nawo. Mwadzidzidzi anakuwa:

"Atate! A wanga akadalipo!"

Tinayang'ana tonse. Pa kacitini panali fumbi. Amalume anapukuta ndi cala. Cilembo cinaonekera: a wofiira, wokhota, wa mcira wautali.

Tinakhala cete. Lisiti likuti sefa yatsopano. Galimoto ikuti sefa yakale. Ine ndinawerenganso mzere uja kawiri, kuopa kuti mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse.

Amalume anapsa mtima. Anatenga sipanala kuti amasule sefayo. Koma azakhali anati, "Dikirani. Kaitaneni kaye agogo a kucigayo."

M'mudzi mwathu muli agogo ena amene amakonza injini za zigayo. Injini zimenezo nazo zimamwa dizilo. Anabwera ndi njinga yao. Anamvetsera nkhani yonse osadula mau. Kenaka anatenga botolo loyera, naliika pansi pa sefa, natsegula pang'ono kotsegula kaja. Munagwa madzi. Pambuyo pake munagwa dizilo wakuda wa zinyalala.

"Mwaona?" anatero agogo. "Ine sindikuti pampu ili bwino. Sindinaiyese. Koma munthu ukamva kuti ng'ombe ikutsimphina, umayamba wayang'ana munga kuphazi, suyamba ndi kuitana wa mpeni. Sefayi musaimasule. Mukaimasula, akanena kuti mwabweretsa ya kwina. Ipite ili pomwepo, akaione okha."

Ndinajambula sefayo ndi foni yanga, cilembo cikuoneka bwino. Botolo tinalitseka, n'kulisunga.

Tiyankhe

Lisiti linanena ciani za sefa ya dizilo?
Mwana anadziwa bwanji kuti sefa ndi yakale?
N'cifukwa ciani agogo anati sefa isamasulidwe?

Tiwerengere

Amalume ananyamula matumba 9. Matumba 3 ananyowa. Ouma ndi angati?
Galimoto ili ndi mateyala 4. Kumbuyo kuli lina 1. Onse pamodzi ndi angati?

Tsiku lacinayi

Inali nthawi ya chuthi, conco Lolemba tinapita atatu: amalume, ine ndi msuweni wanga. Mwanayo kanali koyamba kuona Zambezi. Pa mlatho anatseka maso.

Ku galaja amalume anavula cipewa, napempha kuonana ndi abwana. Tinadikira nthawi yaitali. Potsiriza abwana anatuluka.

"Muli bwanji, abwana?"

"Ndili bwino, kaya inu abambo? Mwabwera kudzasaina za pampu?"

"Iyai, abwana. Ndabwera ndi funso. Lisiti ili ndi lanu?"

"Ndi lathu."

"Likuti munaika sefa ya dizilo yatsopano. Tiyeni mukaione."

Tinapita pa galimoto. Amalume anatsegula boneti naloza cilembo.

"Analemba ndani ici?" anafunsa abwana.

Msuweni wanga anabisala kumbuyo kwa atate ake. Kenaka ananena motsitsa, "Ndine."

"Unalemba liti, mwanawe?"

"Kalekale, titangophunzira a. Pano tili pa mb."

Amakaniko awiri amene anali pafupi anaseka. Abwana sanaseke.

"Abambo, tidziwa bwanji kuti simunacotse yathu n'kubwezerapo yakale?"

Mau amenewa anandipweteka ine. Ndinafuna kuyankha, koma amalume anandigwira mkono.

"Abwana, yang'anani fumbi ndi dzimbiri pamene sefa yagwirana ndi citsulo. Pamenepa sipanala sinapitepo caka cino. Afunseni amakaniko anuwa."

Mmodzi wa amakaniko anawerama, nayang'ana, osanena kanthu. Amalume anatulutsa botolo lija. Abwana analikweza m'mwamba, naona madzi pansi.

"Dizilo uyu mumagula kuti?"

"Nthawi zina pa pampu ya m'tauni. Nthawi zina wa m'zigubu, m'mbali mwa msewu."

"Ndiye vuto ndi limenelo! Dizilo wa m'zigubu amakhala ndi madzi ndi fumbi. Amaononga pampu."

Apa abwana ananena zoona, ndipo amalume sanakane.

"Limenelo ndi langa, abwana, ndalimva. Koma sefa nchito yake ndi kugwira zomwezo. N'cifukwa cake ndinabwera kuti muisinthe. Ndinalipira. Sinasinthidwe. Ndikupempha zinthu ziwiri. Ikani sefa imene ndinalipira, ine ndikuona. Tikatero tikayese galimoto pacitunda. Ikatsokomolabe, tikambirana za pampu."

"Kompyuta inanena kale."

Pamenepo ndinalankhula ine, m'Cipwitikizi. Ndinapempha buku la madandaulo, limene amati livro de reclamações. Abwana anandiyang'ana. Analowa mu ofesi. Tinamva akuitana wosunga katundu. Anatsegula mabuku. Patapita nthawi anatuluka, nkhope itasintha.

"Tsiku limenelo sefa za mtundu uwu zinali zitatha. Wolemba lisiti analemba zonse monga mwa masiku onse. Palibe anamuuza."

Kaya zinalidi conco, kaya ai, ife sitinafunsenso. Amakaniko anabweretsa sefa m'kabokosi. Anatsegula ife tikuona. Anamasula yakale, namanga yatsopano. Anapopa kapampu ka pamanja kuti mpweya utuluke m'mapaipi. Injini inalira. Anakweza matumba a mcenga kumbuyo, ndipo amalume ndi amakaniko anapita kukayesa pa citunda. Ine ndi mwana tinatsala pamthunzi.

Atabwerako, amalume anali akumwetulira. Galimoto inakwera osatsokomola. Analumikizanso kompyuta, ndipo sinadandaule kanthu. Za pampu palibe anazichulanso.

Koma si zonse zinakonzeka. Amalume anapempha kuti awabwezere ndalama za lole ija, za dizilo wa maulendo awiri, ndi za mbatata imene inaola. Abwana anakana. Anati zimenezo sangalamule okha. Amalume ananena mau ao, ine n'kulemba m'buku la madandaulo, ndi tsiku, ndi nambala ya lisiti. Mpaka lero yankho silinabwere. Mau oti pepani sitinawamve kwa abwana. Anawanena ndi mmodzi wa amakaniko, motsitsa, potipatsa sefa yakale m'pepala la pulasitiki.

Tiwerenge tokha

Sefa yakale ili ndi a.
Sefa yatsopano ilibe a.
Amalume afunsa.
Amakaniko asintha sefa.
Galimoto yakwera citunda.
Ng'ombe zatsala m'khola.

Kwa makolo

Ambiri a ife tilibe galimoto. Koma tili ndi njinga, njinga yamoto, wailesi, foni, pampu yothirira dimba. Zonsezi tsiku lina zimapita kwa mmisiri, ndipo iye amadziwa zimene ife sitidziwa. Ine sindikhulupirira kuti amakaniko onse ndi akuba. Ambiri amagwira nchito yao bwino, ndipo pampu zimafadi, makamaka zikamwa dizilo wamadzi nthawi yaitali. Cimene cinandikwiyitsa ku galaja kuja si kulakwitsa ai. Ndi kukana kuonetsa. Kompyuta ya galimoto kawirikawiri imangonena cizindikiro, monga kuti dizilo akufika ndi mphamvu yocepa. Sinena yokha kuti walakwa ndani, sefa, paipi kapena pampu. Kufufuza kumeneko ndi nchito ya munthu, ndipo munthu wosamala amayamba ndi cinthu cochipa.

Dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo loteteza ogula, Lei n.º 22/2009. Lamuloli limati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu ndi nchito zabwino, ufulu wouzidwa zoona za cimene akugula, ndi ufulu wobwezeredwa ngati waonongeredwa. Lilinso bungwe la boma limene limayendera masitolo ndi makampani ndipo limalandira madandaulo. Amalume akuti akakolola adzapita kumeneko ndi lisiti lao.

Lisiti limenelo ndilo linatithandiza. Akanalitaya, kapena kukulungira fodya, tikanangokangana pakamwa. Conco sungani mapepala. Musanasiye cinthu kwa mmisiri, pemphani kuti alembe cimene akonze ndi mtengo wake. Potenga, pemphani cakale cimene acotsa. Pepala limene simunalimve musasaine tsiku lomwelo. Bwerani nalo kunyumba, kapena kusukulu kuno, tiwerengere limodzi. Ndipo ngati mwana wanu afuna kuona nawo pamene mukukonza njinga, musamuthamangitse. Muuzeni maina a zitsulo m'Cinyanja, ndi m'Cipwitikizi ngati mukuwadziwa.

Amalume anasiya kugula dizilo wa m'zigubu, kupatula akasowa pogwira. Akatero amayamba asiya cigubu cikhale kuti madzi atsike pansi, n'kusefa ndi nsalu, wotsalira pansiyo osathira. Pa sefa yatsopano msuweni wanga walembapo e.

Tilembe

Lembani m'kope mwanu: sefa, pampu, lisiti, galimoto.

Malizani mau awa: se__, pa__, ga__moto.

Jambulani galimoto ya amalume ikukwera citunda. Kumbuyo muikeko matumba 6.

Nchito ya kunyumba

Pemphani amayi kapena atate akuonetseni lisiti limodzi, la kusitolo, la kucipatala kapena la feteleza. Pezanimo zilembo zimene mukuzidziwa. Muwerenge kuti a alimo angati, mudzatiuze mawa.